Zikondwerero za nyimbo za rock za m'nthawi ya mahipi

Zikondwerero za nyimbo za rock za m'nthawi ya mahipi zinali misonkhano ikuluikulu ya panja imene inkachitika makamaka ku United States ndi ku Britain kuyambira mu 1967 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Achinyamata zikwizikwi ankasonkhana pamunda wa munthu, pabwalo la mpikisano wa magalimoto kapena m'mbali mwa phiri, n'kugona pompo masiku awiri kapena atatu akumvera magulu oyimba akusinthana pansanja usana ndi usiku. Zodziwika kwambiri ndi za ku Monterey mu 1967, Woodstock ndi Altamont mu 1969, komanso Isle of Wight mu 1970.

Papita zaka zoposa 50, koma anthu ambiri amapukwabe masiku amenewo, ngakhale amene anabadwa zonse zitatha kale. Kawirikawiri amanena kuti kalelo oyimba ankadziwadi kugwira zida, osati za masiku ano zodalira kompyuta. Luso limene amanenalo linalipodi, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Koma zimene anthu amakumbuka lero si zonse zimene zinachitika pansanjapo. Ndi zokhazo zimene makamera anajambula, ndipo pa zojambulidwazo, zokhazo zimene akonzi anasankha.

Mahipi ndi chiyambi cha zikondwererozi

Dzina loti mahipi linkaperekedwa kwa achinyamata, ambiri a iwo azungu a m'mabanja opeza bwino, amene anakana moyo wa makolo awo wongolimbana ndi ntchito, nyumba ndi galimoto. Ankasunga tsitsi lalitali, kuvala zovala zamawangamawanga, kusuta chamba ndi kumwa mankhwala ozunguza bongo a LSD, ndipo ena ankakhala m'magulu ogawana chilichonse. Nkhondo ya ku Vietnam inawagwirizanitsa kwambiri, chifukwa boma linkalemba anyamata usilikali mokakamiza. Likulu lawo linali dera la Haight-Ashbury mumzinda wa San Francisco, kumene achinyamata ochuluka anakhamukira m'chilimwe cha 1967.

Zikondwerero za nyimbo za masiku angapo zinalipo kale, koma zinali za jazi ndi nyimbo za makolo: cha jazi cha ku Newport chinayamba mu 1954, cha ku Monterey mu 1958. Nyimbo za rock zinkatengedwa ngati za ana. Gulu la The Beatles, pamene linkasiya kuyenda koyimba mu August 1966, linkakhala pansanja pafupifupi theka la ola basi, ndipo oyimbawo sankadzimva okha chifukwa cha kukuwa kwa anthu. Ku San Francisco zinthu zinayenda mwina. M'maholo monga Fillmore ndi Avalon Ballroom, magulu a Grateful Dead, Jefferson Airplane ndi Big Brother and the Holding Company ankayimba nthawi yaitali, nyimbo imodzi n'kuikoka mphindi 15 kapena kuposa, anthu akuvina ndi kumvetsera. Zikondwererozi zinangotulutsira panja mwambo umenewu.

Monterey, 1967

Chikondwerero cha Monterey International Pop Festival chinachitika kuyambira pa 16 mpaka pa 18 June 1967 ku California, pabwalo lomwelo la chikondwerero cha jazi. Anachikonza ndi John Phillips wa gulu la The Mamas & the Papas ndi Lou Adler, ndipo oyimba ambiri anayimba ulere, ndalama zake n'kupita ku ntchito zachifundo. Poyerekeza ndi zimene zinabwera pambuyo pake, chinali chaching'ono ndiponso chadongosolo, chokhala ndi mipando komanso zokuzira mawu zabwino.

M'masiku atatu amenewa anthu angapo anatchuka usiku umodzi. Janis Joplin anayimba "Ball and Chain", nyimbo ya Big Mama Thornton, ndipo posakhalitsa gulu lake linasainirana pangano ndi kampani ya Columbia. Otis Redding, amene anali wodziwika kale pakati pa anthu akuda, anagwira mitima ya khamu la azungu ali ndi gulu la Booker T. & the M.G.'s kumbuyo kwake. Anamwalira pangozi ya ndege pa 10 December chaka chomwecho. Gulu la The Who linaphwanya zida zake pomaliza. Jimi Hendrix, Mmereka amene anakatchukira ku London, analowa pambuyo pake, ndipo atamaliza anathira mafuta pagitala yake n'kuiyatsa. Ravi Shankar, katswiri wa sitar wa ku India amene anayimba masana onse a Lamlungu, zinamunyansa kuona chida choyimbira chikuwonongedwa chotero. Panalinso Hugh Masekela, woliza lipenga wa ku South Africa amene anathawa ulamuliro wa tsankho mu 1960.

Woodstock, 1969

Woodstock sichinachitikire m'tauni ya Woodstock. Tauni ya Wallkill, kumene okonza anali atapeza malo, inakana kutangotsala mwezi umodzi, choncho anasamukira ku famu ya ng'ombe za mkaka ya Max Yasgur ku Bethel, m'chigawo cha New York, mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera ku Woodstock. Okonzawo anali anyamata anayi, Michael Lang, Artie Kornfeld, John Roberts ndi Joel Rosenman, ndipo cholinga chawo chinali kupanga phindu. Tikiti ya masiku atatu inali madola 18 ukagula pasadakhale, ndipo anagulitsa pafupifupi 186,000. Kunabwera anthu oposa 400,000. Mpanda unali usanathe, malo olipirira analibe, ndiye okonzawo anangolengeza kuti aliyense alowe ulere. Mbiri yoti Woodstock inali phwando laulere inabadwira pamenepo, pa kulephera kumanga mpanda.

Misewu inatsekeka, oyimba n'kumabwera pa helikopita. Richie Havens, amene sanayenere kukhala woyamba, anamukankhira pansanja Lachisanu pa 15 August chifukwa ena anali asanafike, ndipo nyimbo zitamuthera anapeka pomwepo ija yotchedwa "Freedom". Mvula inasandutsa mundawo dambo la matope. Chakudya chinatha, zimbudzi zinachepa, ndipo anthu osachepera awiri anamwalira, mmodzi atapondedwa ndi thirakitala ali mtulo. Komabe khamu lalikulu chonchi linakhala masiku atatu popanda chipolowe, ndipo ichi ndi chimene chinadabwitsa dziko.

Oyimba ndi magulu onse analipo 32. Ndondomeko inasokonekera moti The Who analowa cha m'ma 5 koloko m'mawa wa Lamlungu, Jefferson Airplane dzuwa litatuluka kale. Hendrix, amene anayenera kutseka Lamlungu usiku, anayamba cha m'ma 9 koloko m'mawa wa Lolemba pa 18 August, anthu ambiri atapita. Nyimbo ya fuko la America imene anailiza pagitala, n'kuisakaniza ndi phokoso longa la mabomba ndi ndege zankhondo, inamvedwa pamalopo ndi kagawo kochepa chabe ka khamulo.

Luso la oyimba

Chifukwa choyamba cha luso limene anthu amalitamali n'chakuti oyimba ambiri, ngakhale anali ana a zaka za m'ma 20, anali atakhwimira kale m'mabala ndi m'maholo. Hendrix anakhala zaka zingapo akuliza gitala kumbuyo kwa Little Richard ndi The Isley Brothers, akuyenda m'matauni a kum'mwera kwa America kumene woyimba wophonya ankachotsedwa ntchito. Carlos Santana anayamba kuyimba m'mabala a ku Tijuana ali mnyamata. Mamembala a The Band anayamba kuyimbira Ronnie Hawkins m'mabala a ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kenako Bob Dylan. Booker T. & the M.G.'s ndiwo ankaliza zida pa nyimbo zambiri za kampani ya Stax ku Memphis, tsiku ndi tsiku ngati ntchito ya kufakitale. Ravi Shankar anaphunzira kwa Allauddin Khan ku Maihar kuyambira mu 1938 mpaka mu 1944. Muzu wa pafupifupi zonsezi, kupatula za Shankar, unali blues, gospel ndi jazi za anthu akuda a ku America, ndipo oyimba achizungu ngati Joplin ndi Joe Cocker sankabisa kumene anaphunzirira.

Chachiwiri ndi kupeka nyimbo ili mkati. Potengera ajazi monga John Coltrane komanso nyimbo za ku India, magulu a rock anayamba kuona nyimbo ngati poyambira chabe. Woliza gitala, wa besi ndi wa ng'oma ankamverana n'kumatsogolerana, osadziwa kuti zithera pati, choncho nyimbo yomweyo sinkamveka chimodzimodzi kawiri. Chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri ndi "Soul Sacrifice" ya Santana pa Woodstock. Gululi linali lisanatulutse chimbale ngakhale chimodzi, anthu ambiri sankalidziwa, ndipo woyimba ng'oma wake, Michael Shrieve, anali ndi zaka 20. Ng'oma za conga zochokera ku nyimbo za ku Cuba, ogani ndi gitala zinalukana m'njira imene khamulo linali lisanamvepo. Pa Isle of Wight mu 1970, Miles Davis anayimba mphindi zoposa 30 osaima, ali ndi Chick Corea ndi Keith Jarrett pa makiyibodi, pamaso pa anthu amene anabwerera rock.

Chachitatu ndi zipangizo. Zokuzira mawu zamphamvu za Marshall, pamodzi ndi tizipangizo topondaponda tosintha mawu a gitala monga fuzz ndi wah-wah, zinali zatsopano, ndipo panalibe amene anali atalemba malamulo a kagwiritsidwe kake. Gitala ikayandikira sipika pamabuka kulira kwina kumene akatswiri a zokuzira mawu ankayesetsa kupewa. Hendrix anakuweta kulirako n'kukusandutsa mbali ya nyimbo. Iye anali wamanzere, ndipo ankatenga gitala ya Fender Stratocaster ya anthu akumanja, n'kuitembenuza ndi kusintha nsambo zake.

Ndiye panalibe pobisala. Pulogalamu ya pakompyuta yowongola mawu a woyimba, ya Auto-Tune, inabwera mu 1997. Pa Woodstock chinyontho chinkamasula nsambo za magitala, oyimba ankavutika kudzimva okha, ndipo amene waphonya, aliyense ankamva. N'chifukwa chake zimene zinayenda bwino zimagwira mtima mpaka lero: womvera amamva kuti zikanatha kugwa nthawi ina iliyonse.

Ndipo nthawi zambiri zinkagwadi. A Grateful Dead ankanena okha kuti pa Woodstock anayimba moipa. Nsanja inali yonyowa, ndipo magetsi ankawagwira akakhudza zida. John Fogerty wa Creedence Clearwater Revival analowa pakati pa usiku anthu ambiri atagona, ndipo sanakhutire ndi zimene anachita. Joplin anadikira maola ambiri akumwa, mawu ake n'kusasa. Ngakhale Hendrix anabwera ndi gulu latsopano limene linali lisanazolowerane, ndipo pa maola awiri amene anayimba pali mbali zina zomwazika. Kukoka nyimbo mphindi 30 kumafuna luso, koma kumabisanso ulesi, ndipo mankhwala ozunguza bongo anawononga mayimbidwe ambiri kuposa amene anawakometsa.

Altamont ndi Isle of Wight

Pa 6 December 1969 gulu la The Rolling Stones linakonza konsati yaulere pabwalo la mpikisano wa magalimoto la Altamont, kumpoto kwa California. Malowo anasankhidwa kutatsala masiku ochepa kwambiri, nsanja inali yaifupi, pafupifupi mita imodzi, ndipo ntchito yoilondera inapatsidwa kwa gulu la okwera njinga zamoto la Hells Angels. Kunabwera anthu pafupifupi 300,000. Alondawo anamenya anthu tsiku lonse, mpaka kukomola Marty Balin wa Jefferson Airplane. A Grateful Dead atamva zimenezi anakana kuyimba. Usiku, The Rolling Stones ali pansanja, mnyamata wachikuda wa zaka 18, Meredith Hunter, anatulutsa mfuti pa mkangano ndipo mmodzi wa alondawo anamubaya mpaka kufa. Makamera anajambula zonse, ndipo zili mufilimu ya Gimme Shelter ya mu 1970.

Ku Britain, chikondwerero cha Isle of Wight cha kumapeto kwa August 1970 akuti chinakoka anthu pafupifupi 600,000, kuchulukitsa kangapo chiwerengero cha anthu okhala pachilumbacho. Apa mkangano unali wa ndalama. Anthu ambiri anakhala paphiri loyang'anizana ndi nsanja n'kumaonera ulere, ena n'kugwetsa mpanda ponena kuti nyimbo si malonda. Kris Kristofferson anamukuwiza, ndipo Joni Mitchell anaima pakati pa nyimbo zake n'kupempha khamulo kuti lilemekeze oyimba. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa misonkhano yogonera ya anthu oposa 5,000 pachilumbacho popanda chilolezo, ndipo chikondwererochi chinadzabwereranso mu 2002.

Hendrix anamwalira ku London pa 18 September 1970, pasanathe masabata atatu chiyimbireni pa Isle of Wight. Joplin anatsatira pa 4 October, Jim Morrison wa The Doors pa 3 July 1971. Onse atatu anali ndi zaka 27. Palibe amene anawaona atakalamba kapena akuyimba mawu atatha, ndipo izi zinathandiza kuti nthawiyo izioneka ngati yopanda chilema.

Mmene mafilimu anaumbira chikumbukiro

Anthu ambiri amene amapukwa Woodstock sanapiteko. Anaiona mufilimu ya Michael Wadleigh ya mu 1970, imene ena mwa akonzi ake anali Thelma Schoonmaker ndi Martin Scorsese, ndipo inapata mphoto ya Oscar. Filimuyi ndi ya maola atatu, yochokera ku masiku atatu ndi theka. Mmene inatulukira koyamba munalibe Grateful Dead, Creedence Clearwater Revival, The Band ngakhale Janis Joplin. Neil Young anakana kujambulidwa. Amene analowamo, monga Santana, Joe Cocker, Sly and the Family Stone ndi Ten Years After, kutchuka kwawo kunakwera kwambiri. Chimbale chimene chinatuluka limodzi ndi filimuyi nachonso chinakonzedwa: nyimbo ya "Sea of Madness" ya Crosby, Stills, Nash & Young imene ili mmenemo inajambulidwa muholo ya Fillmore East, osati pa Woodstock. Ngakhale Joni Mitchell, amene anapeka nyimbo yotchuka yonena za chikondwererochi, sanapiteko. Anaonera pa wailesi yakanema. Filimu ndi zimbalezi n'zimenenso zinabweza ngongole yoposa madola miliyoni imodzi imene okonza anatsala nayo.

Mphamvu ya kamera imaoneka bwino tikaona zikondwerero zimene zinaiwalika. Pa 28 July 1973 anthu pafupifupi 600,000, oposa a pa Woodstock, anasonkhana ku Watkins Glen m'chigawo chomwecho cha New York kudzamvera Grateful Dead, The Band ndi The Allman Brothers Band. Filimu yotchuka sinatuluke, ndipo lero ndi ochepa amene amachidziwa. Nkhani ya Harlem Cultural Festival ndi yowawa kuposa apa. Chinachitika m'chilimwe chomwecho cha 1969 m'paki ya Mount Morris mumzinda wa New York, masiku a Lamlungu asanu ndi limodzi, ndipo onse pamodzi anafikako anthu pafupifupi 300,000, ambiri akuda. Anayimba Stevie Wonder, Nina Simone, Mahalia Jackson, B.B. King, Sly and the Family Stone ndi Hugh Masekela. Hal Tulchin anajambula makonsatiwo, koma anavutika kupeza woti agule, ndipo matepi ambiri anakhala osaonedwa pafupifupi zaka 50 mpaka Questlove anawasandutsa filimu ya Summer of Soul mu 2021. Pa luso, oyimba a ku Harlem sankachepa kwa aliyense wa pa Woodstock.

Palinso zifukwa za msinkhu. Ofufuza za kaganizidwe ka anthu anapeza kuti munthu amakonda kwambiri nyimbo zimene anamva ali wachinyamata. Ana obadwa ku America pakati pa 1946 ndi 1964 anali ochuluka zedi, ndipo atakula ndi amene anadzakhala eni mawailesi, manyuzipepala ndi makampani a nyimbo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mawailesi a classic rock akhala akubwereza nyimbo zochepa zomwezomwezo, pamene mazanamazana a magulu osalimba a nthawiyo anazimiririka. Womvera wa lero amayerekeza zosankhidwa za kale ndi zosasankha za lero, ndipo mpikisano wotero wopambana amadziwika usanayambe.

Kuyesa kubwereza

Dzina la Woodstock linagwiritsidwanso ntchito mu 1994 ku Saugerties ndi mu 1999 ku Rome, m'chigawo cha New York. Cha 1999 chinachitikira pabwalo lakale la ndege zankhondo, kukutentha kwambiri, botolo la madzi likugulitsidwa madola 4, ndipo chinatha ndi moto, kuba ndi madandaulo a kugwiriridwa kwa akazi. Cha zaka 50, chimene chinakonzedwa mu 2019, chinalephereka chisanayambe. Chaka chomwecho kampani ya Rhino inatulutsa pafupifupi zonse zimene zinajambulidwa pa Woodstock pa ma CD 38, zabwino ndi zoipa zomwe. Pamunda wa Yasgur tsopano pali bwalo la zoyimbayimba la Bethel Woods ndi nyumba yosungira mbiri.

Chimene chinakhalitsa ndi chaching'ono chimene palibe ankachiwerengera. Pa 19 September 1970, tsiku lotsatira imfa ya Hendrix, mlimi wa ng'ombe Michael Eavis anasonkhanitsa anthu pafupifupi 1,500 pafamu yake ku Somerset, polowera paundi imodzi, mkaka ulere. Ndicho chikondwerero cha Glastonbury, chimene tikiti yake lero imaposa mapaundi 300 ndipo mpanda wake ndi wachitsulo.

Ku Malawi ndi ku Zambia

Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda silinkafuna mahipi. M'zaka za m'ma 1970 tsitsi lalitali la amuna linaletsedwa, ndipo alendo ofika nalo ankametedwa polowa m'dziko kapena kubwezedwa. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa akazi mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka linachotsedwa mu 1993.

Ku Zambia nyimbozi zinamera mizu. Achinyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka amene anamva Hendrix, The Rolling Stones ndi James Brown anazisakaniza ndi kayimbidwe kakwawo n'kupanga Zamrock, yoyimbidwa m'Chingerezi, Chibemba ndi Chinyanja. Magulu otchuka anali Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family la Paul Ngozi, amene ankaliza gitala ndi mano ngati Hendrix. Woyimba wa WITCH, Emmanuel Chanda, anapatsidwa dzina loti Jagari potengera Mick Jagger. Lamulo la Pulezidenti Kenneth Kaunda loti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dzikomo linawathandiza kwa kanthawi, koma kugwa kwa mtengo wa kopa kunapha malonda awo, ndipo Edzi inatenga ambiri a oyimbawo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989.

Zamrock inalibe filimu yake panthawiyo, ndipo inaiwalika zaka zambiri mpaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso zimbale zake cha m'ma 2010. Jagari, amene anali atakhala mphunzitsi kenako wokumba miyala ya mtengo wapatali, anabwerera pansanja, ndipo WITCH inatulutsa chimbale chatsopano cha Zango mu 2023. Mu 2024 woyimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977, n'kuchiika mu nyimbo yake ya "Noid".